LAMYA ILI M'MANJA, KOMA UTHENGA UKUCHEDWA: TIDZIWE ZA LIWIRO LA INTANETI KUNO KU THYOLO



Lero tikambirana nkhani imene ambiri timaidandaula koma sitinakhalepo pansi kuti tiimvetse. Nkhaniyi ndi ya kuchedwa kwa intaneti pa lamya zathu za m'manja. Tonse taonapo munthu ataimirira pa chulu kapena m'mphepete mwa munda wa tiyi, mkono uli m'mwamba, akudikira kuti kalata kapena chithunzi chitsike. Ena timaseka, ena timatukwana lamya, ena timangoti ndi mmene zimakhalira kumudzi. Koma pa kudikira kumeneku pamatayika ndalama, pamatayika nthawi, ndipo nthawi zina pamatayika mwayi wa sukulu kapena wa ntchito wa mwana wathu.

Tigawa zokamba zathu m'magawo asanu ndi limodzi: chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza, miyeso iwiri yoyenera kuidziwa, kawerengedwe ka nthawi, zimene zimachedwetsa intaneti, zimene malamulo akunena, ndi zimene tingachite.

1. CHIFUKWA CHIYANI NKHANIYI IKUTIKHUDZA?

Lamya za m'manja zinayamba m'dziko muno mu 1995 ndi kampani ya TNM. Mu 1999 kunabwera Celtel, imene inadzasanduka Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010. Masiku amenewo lamya inali ya mabwana ndi anthu a m'tauni. Lero wothyola tiyi ku Satemwa, mlonda ku Conforzi, wogwira ntchito m'fakitale ku Naming'omba, mayi wogulitsa nthochi ku Thekerani ndi mnyamata wa kabaza ku Luchenza, ambiri mwa iwo ali ndi lamya m'thumba kapena pa mfundo ya chitenje.

Pamene lamya zafala, zinthu zambiri zofunika pa moyo wathu nazo zasamukira m'menemo. Mafomu ofunsira malo ku sukulu za ukachenjede amalembedwa pa intaneti. Malonda a ntchito ambiri amalengezedwa pa intaneti. Abale athu amene ali ku Joni amalankhula nafe pa WhatsApp. Machenjezo a nyengo, mitengo ya mbewu, mauthenga a maliro ndi a misonkhano, zonsezi zimadzera m'njira yomweyi. Tikukumbukira kuti mu Malichi 2020 sukulu zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19. Ana a m'mabanja amene anali ndi intaneti yodalirika anapitiriza kulandira maphunziro ali kunyumba, pamene ana ambiri a m'midzi ndi m'makomboni a m'maesiteti anangokhala.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa anthu 100 alionse m'Malawi amakhala kumudzi, ndipo kuti boma lathu la Thyolo lokha linali ndi anthu oposa 700,000. Tsono ngati intaneti ya kumudzi ili yochedwa, ndiye kuti ochedwetsedwawo ndi unyinji wa Amalawi. Ndiponso tisaiwale kuti sukulu ya ukachenjede ya sayansi ndi luso, ya MUST, imene inatsegulidwa mu 2014, ili konkuno ku Ndata. N'zomvetsa chisoni kuti mwana wobadwira pafupi ndi sukulu imeneyi alephere kutumiza fomu yake pa nthawi yake chifukwa cha netiweki.

2. MIYESO IWIRI YOYENERA KUIDZIWA

Aliyense amene anathyolapo tiyi amadziwa kufunika kwa sikelo. Munthu wodziwa kuwerenga sikelo sanamizidwa pa makilogalamu ake. Intaneti nayo ili ndi miyeso yake, ndipo amene saidziwa amalipira zinthu zimene sakuzimvetsa. Miyesoyi ndi iwiri.

Muyeso woyamba ndi wa kukula kwa chinthu. Chithunzi, kalata, nyimbo kapena kanema, chilichonse chili ndi kukula kwake. Kukulaku kumayesedwa ndi mamegabaiti, amene pa lamya amalembedwa MB. Mamegabaiti pafupifupi 1,000 amapanga gigabaiti imodzi, yolembedwa GB. Pamene tikugula bandulo ya 500 MB kapena ya 1 GB, tikugula kuchuluka kwa katundu amene tikuloledwa kutsitsa ndi kutumiza.

Muyeso wachiwiri ndi wa liwiro. Umenewu umatiuza kuchuluka kwa katundu amene angalowe m'lamya yathu pa sekondi imodzi. Liwiro limayesedwa ndi mamegabiti pa sekondi, olembedwa Mbps.

Tiyerekeze ndi madzi. Ndowa ya malita 20 ndi ya malita 20 kulikonse. Koma pa mpopi wothamanga imadzaza msanga, pamene pa mpopi wodontheza mayi akhoza kukhalapo mpaka dzuwa kufika pamutu. Bandulo ndi ndowa, liwiro ndi mphamvu ya mpopi. Choncho kugula bandulo yaikulu sikuwonjezera liwiro, monganso kupita ndi mgolo pa mpopi wodontheza sikuthamangitsa madzi. Ambiri a ife tataya ndalama chifukwa chosadziwa mfundo imeneyi.

Pali chinanso chimene chimasokoneza anthu. Mawu awiriwa, megabaiti ndi megabiti, amamveka ofanana koma ndi osiyana. Megabaiti imodzi ili ndi mamegabiti 8. Polemba, B wamkulu amaimira baiti, b wamng'ono amaimira biti. Choncho mukamva kuti liwiro ndi 8 Mbps, musaganize kuti pa sekondi iliyonse mukulandira 8 MB. Mukulandira 1 MB yokha.

3. KAWERENGEDWE KA NTHAWI

Masamu ake ndi a pulayimale. Tengani kukula kwa chinthu m'mamegabaiti, chulukitsani ndi 8, kenaka gawani ndi liwiro. Yankho lake ndi masekondi amene mudikire.

Tiyeni titenge malo atatu ongoyerekeza. Malo oyamba liwiro ndi 10 Mbps, monga munthu angapezere pafupi ndi nsanja ya 4G pa nthawi imene anthu sali ambiri. Malo achiwiri liwiro ndi 1 Mbps. Malo achitatu liwiro ndi 0.1 Mbps, limene limapezeka kawirikawiri lamya ikamaonetsa chilembo cha E.

Fomu ya 5 MB (5 kuchulukitsa ndi 8 ndi 40):
- pa 10 Mbps: masekondi 4
- pa 1 Mbps: masekondi 40
- pa 0.1 Mbps: mphindi 6 ndi masekondi 40

Kanema wa phunziro wa 50 MB (50 kuchulukitsa ndi 8 ndi 400):
- pa 10 Mbps: masekondi 40
- pa 1 Mbps: mphindi 6 ndi masekondi 40
- pa 0.1 Mbps: ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 7

Bandulo yonse ya 1 GB (1,000 kuchulukitsa ndi 8 ndi 8,000):
- pa 10 Mbps: mphindi 13 ndi masekondi 20
- pa 1 Mbps: maola 2 ndi mphindi 13
- pa 0.1 Mbps: maola oposa 22

Abale, taonani mzere womalizawo. Munthu akagula bandulo ya 1 GB yoti ithe pa tsiku limodzi, ali pa malo a liwiro la 0.1 Mbps, ayenera kutsitsa zinthu usana ndi usiku, osagona, osazimitsa lamya, kuti amalize zimene walipira. Palibe angathe zimenezo, ndiponso batire silingafike. Tsiku likatha, zotsalazo zapita. Mnzake wa ku Limbe walipira mtengo womwewo, koma iye wadya zake zonse. Apa tikuona kuti wosauka wa kumudzi amagula intaneti modula kuposa wa m'tauni, ngakhale mtengo wolembedwa uli umodzi.

Dziwaninso kuti nthawi yeniyeni imatalikirapo kuposa ya masamuyi, chifukwa liwiro silikhazikika, limakwera ndi kutsika, ndipo netiweki ikaduka pakati zinthu zina zimayambiranso pachiyambi, n'kudya bandulo kawiri. Komanso kutumiza chinthu kawirikawiri kumachedwa kuposa kulandira. N'chifukwa chake chithunzi cha satifiketi chimatha kukanika kupita pamene mauthenga a anzathu akulowa bwinobwino.

Masamu omwewa tingawatembenuze kuti tiyese tokha liwiro la kwathu. Wina akutumizireni chinthu chodziwika kukula kwake, ndipo muwerenge masekondi pa wotchi. Ngati chinthu cha 3 MB chatenga masekondi 60, chulukitsani 3 ndi 8, mupeza 24, gawani ndi 60, mupeza 0.4 Mbps. Limenelo ndilo liwiro lanu pa malo amenewo, pa nthawi imeneyo. Pali mapulogalamu oyesera liwiro, koma amadya bandulo, choncho njira ya wotchiyi ndi yotchipa.

4. N'CHIYANI CHIMACHEDWETSA INTANETI KUNO?

(a) Mtundu wa netiweki. Yang'anani pamwamba pa lamya yanu. Chilembo cha G kapena E chikutanthauza 2G, netiweki yakale imene inapangidwira kulankhula ndi mauthenga achidule. 3G, H ndi H+ ndi yapakati. 4G kapena LTE ndiyo yothamanga. TNM inayamba 4G mu 2016 ndipo Airtel mu 2018, koma zinthu zotere zimayambira m'mizinda, n'kumafalikira kumidzi pang'onopang'ono. Tidziwenso kuti timizere tosonyeza netiweki timangotiuza mphamvu ya mafunde pakati pa lamya ndi nsanja. Timizere tikhoza kudzaza koma intaneti n'kumachedwabe.

(b) Mtunda ndi maonekedwe a dziko. Lamya imalankhulana ndi nsanja, imene ambiri timangoiti tawa, kudzera m'mafunde a wailesi. Mafundewa amafooka akamapita kutali, ndipo amatsekerezedwa ndi phiri. Dziko lathu la Thyolo ndi la zitunda ndi zigwa. Minda ya tiyi yatenga malo ambiri okwera, pamene midzi yambiri ili m'makhwawa, m'mbali mwa mitsinje monga Nsuwadzi, ndi m'matsitso oyang'ana ku Chigwa cha Shire. Nkhalango za bulugamu, makamaka masamba akanyowa ndi chiperoni, nazo zimafooketsa mafunde. Malata a denga ndi makoma ochindikala amachitanso chimodzimodzi. N'chifukwa chake kutuluka panja kapena kukwera pamtunda kumathandiza. Si matsenga ayi.

(c) Kuchuluka kwa anthu. Nsanja imodzi ili ngati chigayo chimodzi cha mudzi wonse. Mphamvu yake imagawidwa kwa onse amene akuigwiritsa ntchito nthawi imeneyo. Anthu akaweruka madzulo, tsiku la malipiro, tsiku la msika ku Bvumbwe kapena ku Goliati, aliyense amatsegula lamya, ndipo gawo la munthu aliyense limachepa. M'bandakucha anthu akadali mtulo, nsanja yomweyo imathamanga.

(d) Njira yochokera pa nsanja kupita kutsogolo. Uthenga ukafika pa nsanja sunafike kumene ukupita. Nsanja zina zimalumikizidwa ndi chingwe cha faiba, chimene chimanyamula katundu wambiri. Zina, makamaka za kutali, zimapatsirana uthenga kudzera m'mbale zozungulira zija timaziona pamwamba, ndipo njira imeneyi imakhala yopapatiza, komanso mvula yamphamvu imaisokoneza.

(e) Magetsi. Nsanja imafuna magetsi usana ndi usiku. Magetsi a ESCOM akazima imadalira mabatire, jenereta kapena dzuwa. Mafuta akasowa kapena mabatire akabedwa, nsanja imazima, ndipo anthu ake onse amakakamira pa nsanja ina ya kutali. Tinaziona izi namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, komanso namondwe Freddy atagwetsa mapolo ndi kudula misewu m'chigawo chino cha kumwera mu Malichi 2023.

(f) Kutalikira nyanja. Zambiri zimene timatsitsa zimasungidwa m'makina a m'maiko a kutali, ndipo zimafika mu Africa kudzera m'zingwe zoyalidwa pansi pa nyanja yamchere, monga SEACOM imene inayamba ntchito mu 2009 ndi EASSy mu 2010. Dziko lathu silinagunde nyanja yamchere, choncho makampani athu amalipira kuti adutse m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique. Mu Meyi 2024 zingwe ziwirizi zinaduka, ndipo intaneti inavuta kwa masiku angapo m'Malawi ndi m'maiko ena a kuvuma kwa Africa. Pa nthawi yotere ngakhale mutakwera phiri la Thyolo palibe chimene chingasinthe.

(g) Lamya yathu yomwe. Lamya zina sizigwira 4G ngakhale nsanja ili pakhomo. Zina zadzaza ndi zithunzi ndi makanema. Zina zili ndi mapulogalamu amene amadzitsitsira zinthu mwakachetechete mwiniwake osadziwa.

(h) Phindu. Makampani a lamya ndi a malonda. Kumanga nsanja, kuipititsira magetsi ndi kuilondera kumadya ndalama zambiri, ndipo iwo amayamba kumene akuona kuti ndalamazo zibwerera msanga. Dera la anthu a malipiro ochepa limakhala kumapeto kwa mzere. Apa m'pamene nkhaniyi imasiya kukhala ya makina okha n'kukhala ya chilungamo, ndipo apa m'pamene boma ndi malamulo ayenera kulowererapo.

5. MALAMULO AKUTI CHIYANI?

Malamulo oyendetsera dziko lino, m'gawo 30, amapereka kwa munthu aliyense ufulu wa chitukuko, ndipo amalamula boma kuonetsetsa kuti anthu onse ali ndi mwayi wofanana pa zinthu monga maphunziro, chipatala, ntchito ndi zomangamanga. Gawo 37 limapereka ufulu wopeza nkhani zimene boma likusunga ngati munthu akuzifuna kuti agwiritse ntchito ufulu wake. Lamulo lapadera la ufulu umenewu linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Tsono ngati nkhani za boma ndi mafomu ake zili pa intaneti, dera lopanda intaneti yodalirika lili ngati munthu amene wapatsidwa nkhokwe koma wamanidwa makwerero.

Bungwe loyang'anira za lamya, wailesi ndi mtengatenga wa makalata ndi MACRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. Ndilo limapereka ziphaso kwa makampani, limaika muyeso wa ntchito imene ayenera kupereka, ndipo limalandira madandaulo a ogula. Lamulo latsopano la 2016 linakhazikitsa thumba la ndalama lotchedwa Universal Service Fund, limene cholinga chake ndi kufikitsa ntchito za lamya ndi intaneti kumadera kumene makampani saonako phindu. Thumba limeneli linapangidwira anthu ngati ife.

Palinso ntchito zazikulu zimene zachitika m'dzina lathu. Mu 2017 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza ndalama zokwana madola 72.4 miliyoni za ntchito ya Digital Malawi. Mu 2018 gawo loyamba la chingwe cha faiba cha dziko lonse, choyendetsedwa ndi ESCOM, linamalizidwa ndi ngongole yochokera ku China. Ngongole imabwezedwa ndi misonkho ya tonse, wa m'tauni ndi wa kumudzi yemwe. Tikumbukirenso kuti mu 2015 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa mauthenga a pa lamya ndi pa intaneti. Choncho tikafunsa kuti chitukuko chimenechi chifika liti kwathu, sitikupempha chifundo. Tikufunsa za chinthu chimene tikulipira nawo.

Kuyambira mu 2023 m'dziko muno mulinso intaneti ya Starlink, yochokera ku makina a m'mlengalenga, imene sidalira nsanja. Imafuna kugula chipangizo chake, magetsi ndi malipiro a mwezi ndi mwezi, zimene banja limodzi la wothyola tiyi silingakwanitse. Koma sukulu, chipatala kapena gulu la alimi likhoza kuiganizira, litawerengera bwino za mtengo wake ndi za amene aziisamala.

6. TINGACHITE CHIYANI?

Munthu payekha:

- Musanagule bandulo, yang'anani chilembo chimene lamya ikuonetsa pa malo amene muli. Ngati ndi E, bandulo yaikulu ya tsiku limodzi ndi kutaya ndalama. Gulani yaing'ono, kapena ya masiku ambiri.
- Musanatsitse chinthu, onani kukula kwake, ndipo chitani masamu aja.
- Zinthu zikuluzikulu tsitsani m'mamawa kwambiri, kapena tsiku limene mwapita ku Boma, ku Luchenza kapena ku Bvumbwe.
- Tsekani kudzitsitsa kwa zithunzi ndi makanema pa WhatsApp, ndiponso kudzikonza kwa mapulogalamu. Wachinyamata wodziwa akuthandizeni.
- Munthu mmodzi akatsitsa phunziro kapena fomu, agawire anzake kudzera pa Bluetooth kapena pa kakhadi kosungira zinthu. Palibe chifukwa choti anthu khumi alipire chinthu chimodzi kakhumi.
- Potumiza uthenga wofunika, mawu olemba amapita msanga kuposa mawu ojambula, ndipo mawu ojambula amapita msanga kuposa kanema.
- Ntchito za Airtel Money ndi Mpamba zoyimba manambala oyamba ndi kanyenyezi sizifuna bandulo. Zimangofuna netiweki yolankhulira.
- Fomu ya sukulu kapena ya ntchito musaisiyire tsiku lomaliza. Tsiku limenelo dziko lonse limakhala likukankhana pa khomo limodzi.
- Pogula lamya funsani ngati imagwira 4G. Paja akuluakulu anati safunsa adadya phula.

Tonse pamodzi:

Choyamba, tisonkhanitse umboni. Dandaulo lakuti "netiweki ikuvuta" aliyense akhoza kulikana. Koma mphakati uliwonse utasankha achinyamata awiri kapena atatu, n'kukhala ndi kope limodzi, n'kumalemba kwa mwezi wathunthu tsiku, nthawi, malo, dzina la netiweki, chilembo chimene chikuoneka ndi masekondi amene chinthu cha kukula kodziwika chatenga, tidzakhala ndi kaundula amene munthu sangamutsutse. Tilembe zoona zokhazokha, masiku abwino ndi oipa omwe. Umboni wokokomeza umagwetsa mlandu wabwino.

Chachiwiri, titsate njira yake. Dandaulo limayamba kwa kampani imene tikuilipira. Tilembe kalata, tisunge ina yofanana nayo, ndipo tipemphe nambala ya dandaulo lathu. Ngati yankho silikubwera kapena silikukhutiritsa, tipite nalo ku MACRA pamodzi ndi kaundula uja. Nkhani za malonda osocheretsa ogula zimapitanso ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission.

Chachitatu, nkhaniyi ilowe m'mapulani a chitukuko. Tili ndi makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a dera, a VDC ndi ADC, amene amapereka zofuna za anthu ku khonsolo. Monga timalembetsa mjigo, mlatho ndi mdadada wa sukulu, tilembetsenso netiweki. Khansala ndi phungu wathu tiwafunse mafunso olunjika: Ndi madera ati a Thyolo amene aikidwa pa ndondomeko ya thumba la Universal Service Fund? Ndi sukulu ziti ndi zipatala ziti zimene zalumikizidwa? Ntchito iyamba liti? Nthawi ya chisankho ikafika, wolonjeza intaneti yaulere atiuze kumene ndalama zake zichokere ndi amene adzalipire magetsi ake.

Chachinayi, tikambirane za malo. Zitunda zambiri zoyenera nsanja zili m'manja mwa maesiteti kapena pansi pa mafumu. Oimira antchito, mafumu ndi akuluakulu a maesiteti akhoza kukhala pamodzi n'kuitana makampani a lamya kuti aone malo. Netiweki yabwino imapindulira onse, wolemba ntchito ndi wolembedwa yemwe.

Chachisanu, titeteze zimene zilipo. Wakuba batire, mafuta, waya kapena chingwe cha faiba sabera kampani yokha. Amabera mayi woyembekezera amene afune kuitana galimoto usiku, ndi mwana amene akudikira zotsatira za mayeso. Katundu wakubayo amagulidwa ndi anthu a m'midzi yathu yomweyi. Tisagule, ndipo tisabise.

Chachisanu ndi chimodzi, tisasiye ena m'mbuyo. M'mabanja ambiri lamya yabwino imakhala ya bambo, pamene mayi ndi ana aakazi amachita kubwereka. Agogo ndi anzathu olumala sangathe kukwera chitunda kukasaka netiweki. Pokonza malo amodzi olandirirapo intaneti, kaya pa sukulu kaya pa holo, tiganizire anthu amenewa poyamba.

Pomaliza pa gawo limeneli, chenjezo. Walira mvula walira matope. Intaneti ikathamanga, mabodza, juga ndi akathyali nawonso amathamanga. Musapereke nambala yanu ya chinsinsi kwa munthu aliyense, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani. Musatumize ndalama kwa wolonjeza ntchito kapena mphoto. Uthenga umene simukudziwa gwero lake musaufalitse.

MAWU OMALIZA

Abale ndi alongo, tiyi wa kuno amamwedwa m'maiko akutali, ndipo amafika kumeneko pa nthawi yake chifukwa anthu anakonza misewu, mafakitale ndi misika yake. Ngati njira yotulutsira tiyi inatheka, njira yobweretsera maphunziro ndi uthenga kwa othyola tiyiwo ndi ana awo ingathekenso. Zina mwa zochedwetsa, monga mapiri ndi mvula, sitingazichotse. Zina tingazichepetse lero lomwe posintha kagwiritsidwe ntchito ka lamya zathu. Zina zimafuna kuti tilankhule, mwaulemu, mwadongosolo, tili ndi manambala m'manja. Mutu umodzi susenza denga. Tikachoka pano, aliyense akaphunzitse mnzake mmodzi kusiyana kwa MB ndi Mbps, ndipo mphakati uliwonse ukagule kope lake.



MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI

1. Ndi malo ati m'dera lathu amene netiweki imagwira bwino, ndipo ndi ati amene sigwira? Tijambule mapu ake pa pepala.
2. Chinthu cha 10 MB chingatenge nthawi yaitali bwanji pa liwiro la 2 Mbps? Nanga pa 0.1 Mbps? Tiwerengere limodzi.
3. Banja lililonse limawononga ndalama zingati pa mwezi pogula mabandulo? Ndi zingati zimene zimatha nthawi tisanazigwiritse ntchito?
4. Ndani m'dera lathu amene amavutika kwambiri ndi kuchedwa kwa intaneti? Tingawathandize bwanji sabata ino?
5. Ndani alembe kaundula wathu, ayamba liti, ndipo akadzatha tidzamupereka kwa yani?
6. Tingatani kuti kuba ndi kuononga zipangizo za lamya ndi za magetsi kuthe m'dera lathu?